Funsani zonse musanapereke dipoziti

Mwalemba zoona kuti mwininyumba azinena mtengo wonse munthu asanalowe. Kuno ku Joni ambirife timalira pomwepa. Ine ndinapeza chipinda ku Rosettenville, anangonditchulira lendi basi, ndipo ndinavomera msangamsanga poti ndinali nditatopa kugona pabalaza pa mnzanga. Mwezi utatha kunatulukira za madzi, za zinyalala, ndi magetsi a prepaid omwe tinkagawana anthu asanu pa mita imodzi. Sindinasaine kalikonse, ndiye ndikanatsutsa ndi chiyani?

Abale anga, lamulo la 1999 la nyumba za lendi, Rental Housing Act, limati mukapempha pangano lolembedwa, mwininyumba akupatseni. Dipoziti aisunge ku banki komwe ikubereka chiwongoladzanja, ndipo muyendere limodzi m'nyumbamo polowa ndi potuluka. Ngati simunawononge kanthu ndipo mulibe ngongole kwa mwininyumba, ndalamayo ibwerere pasanathe masiku 7 pangano la lendi litatha. Lisiti muzitenga ngakhale mukulipira pamanja. Akavuta, kukadandaula ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng, bungwe la boma loweruza mikangano ya eninyumba ndi alendi, n'kwaulere. Ine izi ndinazimva mochedwa, dipoziti yanga itapita kale pa zenera lomwe ndinalipeza losweka.