Olemba nkhani zopeka za ana pa nkhondo, tiyambe ndi ya ku Mozambique

Tikafuna kulemba za mtima wabwino pa nthawi ya nkhondo timathamangira ku Ulaya, chonsecho nkhondo ya boma la Frelimo ndi gulu loukira la Renamo inatha mu 1992 pakhomo pathu pomwe, itathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni. Amene anali ana nthawi imeneyo alipobe ku Nsanje, Mulanje, Dedza ndi Ntcheu, ndi ku Tete ndi Zambezia komwe. Ine ndimati nkhani yotere imagwira mtima pokhapokha wowerenga ataona chimene wochita chifundoyo wataya.

Yambani ndi chaka komanso malo, chifukwa zinthu sizinali zofanana. Cha mu 1986, anthu atayamba kulowa mwaunyinji, ambiri ankalandiridwa ndi abale ndi mafumu. Ku Ntcheu ndi Dedza, kumene msewu wa M1 m'malo ena ndiwo malire, wothawa kuchokera ku Angonia ankatha kukhala msuweni wa mwininyumba. Ku Nsanje kunali misasa ikuluikulu monga Mankhokwe, ndipo kumeneko ana a m'nkhani yanu alankhule Chisena. Asilikali a Renamo anthu ankawatchula kuti Matsanga, dzina lochokera kwa mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa.

Pa chakudya mpamene pali nkhani yeniyeni. Wothawa wolembetsedwa ankalandira pa khadi ufa, nyemba kapena nandolo, mtedza, mafuta ophikira, shuga ndi mchere. Mu 1990 mtedza unasiya kufika kwa miyezi ingapo, ndipo othawa oposa 18,000 anadwala pellagra. Matendawa amabwera munthu akamadya chimanga chokhachokha osapeza vitamini B3, amene amapezeka mu mtedza: khungu limada n'kusweka pakhosi ndi kuseri kwa manja komwe dzuwa limawomba, kenako kutsegula m'mimba, zikafika poipa mutu umasokonekera. Ndiye tiyerekeze mtsikana wa m'mudzi wa zaka 13 waona zipserazo pakhosi pa mnzake wa ku msasa. Akutapa mtedza m'thumba la mayi ake, mbale imodzi pa sabata, ndipo mtedzawo ndi wa mbewu. Mvula ikagwa mu Disembala mizere ina ya munda ikhala yosabzala, mayi adzafunsa. Apa simufunikanso kulemba kuti mtsikanayo anali wachifundo.

Musabise nsanje. Pa chilala cha 1992 panali nthawi yomwe wa khadi ali ndi ufa, mwinimudzi amene anamupatsa malo nkhokwe ili pululu. Nkhuni zinatha m'mapiri oyandikira misasa, pa mjigo pankabuka mikangano. Othawa ankasinthanitsa gawo la ufa wawo ndi ndiwo kapena sopo, ndipo nthawi zina wothawayo ndiye ankadyetsa womulandira. Wolemba amene amaika othawa onse m'manja mwa mzungu wa bungwe wataya gawo lokoma kwambiri limeneli.

Povuta ndi pa mnyamata amene anagwidwa ndi Renamo. Ambiri ankayamba ndi kusenzetsedwa katundu, ena n'kupatsidwa mfuti. Akathawa n'kufika pamudzi, musamulankhulitse ngati m'busa wolalikira za kulapa. Mwana wotere amakhala chete, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amabisa chakudya. Womuchitira zabwino naye azimuopa, mwinanso mbale wake anaphedwa ndi gulu lomwelo.

Zolakwika zing'onozing'ono zimapha nkhani msanga. Kunalibe foni za m'manja, Malawi inalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999, uthenga unkafika pa wailesi ya MBC ndi pakamwa. Unali ulamuliro wa chipani chimodzi cha Kamuzu, pamsika ankafunsa khadi la chipani, choncho munthu wanu asadzudzule boma mokweza pagulu. Ndalama ya tsidya linalo inali metical. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma ambiri anabwerera mu 1993 ndi 1994, njira ndi minda zikadali ndi mabomba okwirira.

Mukapita kukacheza ndi akuluakulu amene anaziona, funso lakuti "munamva bwanji, agogo?" silitulutsa zambiri. Afunseni anadya chiyani tsiku lofika, anagona m'nyumba ya ndani, anafunda chiyani. Pemphani chilolezo musanajambule mawu, ndipo polemba musinthe mayina a anthu ndi a midzi, chifukwa ena mwa ogwidwa ndi Renamo aja akadali moyo ndipo ana awo ali pa Facebook pompano.