Chenjezo kwa alimi a ku Ntcheu: njoka zatuluka, lekani chibwana

Ana anga ndi adzukulu anga, kuyambira ku Tsangano ndi ku Lizulu mpaka kutsetserekera ku Bwanje, Sharpevale ndi Kasinje, tcherani khutu. Mvula yagwa, udzu wamera, achule ayamba kulira m'madambo, ndipo njoka zatuluka m'maenje. Chaka ndi chaka nyengo ngati ino timanyamula anthu olumidwa, ena kupita nawo kuchipatala, ena kumanda. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa iwo sitinayenera kuwataya. Njoka imaluma, inde, koma nthawi zambiri chimene chimamaliza munthu ndi zimene ife eni ake timachita isanalume ndiponso itatha kuluma.

Ndiyambe ndi inu anyamata olawirira kumunda kukadali chisisira, phazi lili pansi kapena mutavala patapata. Ndalama ya mayunitsi mumaipeza, ya kachasu simusowa, koma ya majombo mumati n'zodula. Kodi mwendo wanu ndi wotchipa? Ambiri amene amalumidwa kumunda amalumidwa kuphazi, pakakolo kapena kudzanja, malo amene jombo ndi maso zikanateteza. Njoka zambiri zikamva mgugu wa mapazi zimadzithawira zokha, koma mphiri ayi. Iyo imangoti phee pamene yagonapo, khungu lake lofanana ndi masamba ouma, kudalira kuti simuiona. Mukaiponda, kapena kungoponda pafupi, imaluma mwaliwiro loti diso silingatsate. Imakonda kugona m'mbali mwa tinjira madzulo ndi usiku, njira zomwezo zimene mumadutsa pochokera kudimba, kumaliro kapena kumowa. Foni yanu ili ndi tochi. Iyatseni, muziunika pansi, osamayenda maso ali pa Facebook.

Manja nawonso mukuwaseweretsa. Mulu wa nkhuni, mulu wa njerwa, miyala ya m'malire a munda, mapesi amene mwaphimbira nawo nthaka, monsemo ndi mogona njoka. Yambani mwatembenuza ndi khasu kapena ndodo, dzanja libwere pambuyo. Amayi okamweta udzu ndi okatola nkhuni m'phiri, mtolo umene munausiya dzulo musangofikira kuunyamula n'kuika pamutu. Ugwedezeni kaye. Ndipo inu makolo, ana anu amapita usiku kuchulu kukagwira ngumbi opanda nsapato. Chulu chakale ndi nyumba ya njoka, ndipo ngumbi zikamatuluka achule amasonkhana, njoka n'kulondola achulewo. Ikafika nyengo ya mbewa, ana omwewo amapisa dzanja mu una mpaka m'chigongono. Mumaona, osanena kanthu, chifukwa mukuyembekezera ndiwo. Abusa a mbuzi ndi ng'ombe, ana aang'ono amene amakhala tsiku lonse m'thengo, ndani anawakhazikapo pansi n'kuwauza zochita akakumana ndi njoka?

Pakhomo penipeni ndi pamene ndikufuna kukalipa. Njoka sibwera kudzacheza, imalondola chakudya. Pamene pali makoswe, mbewa, achule, mazira ndi anapiye, iyo ifika. Udzu mwaulekerera mpaka pakhonde. Matumba a chimanga mwaunjika m'chipinda chogona, makoswe akuvina usiku wonse. Nkhuku zikugona m'nyumba momwe mukugona ana. Ndiye mukadabwa chiyani mamba ija yotambasula khosi ndi kulavula ikalowa? Njoka imeneyi imayenda usiku, imalowa m'nyumba, ndipo imaluma anthu ali m'tulo pamphasa. Neti ya udzudzu imene munalandira kuchipatala ikanakutchinjirizani mukanaimanga n'kupisa m'mphepete mwake pansi pa mphasa, koma mwakatchingira nayo nazale ya tomato. Ibwezereni kuchipinda. Lambulani kuzungulira nyumba, khola ndi nkhokwe, matani maenje a m'zipupa, tsekani mpata wa pansi pa chitseko. Potola mazira m'chisa muli mdima, unikani kaye.

Mukaiona kumunda, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, ipatseni njira. Anthu ambiri amalumidwa pofuna kuipha. Songo ikapanikizidwa imadzuka n'kuluma kangapo, ndipo ululu wake sudikira. Mamba yolavula ija imafikitsa malovu ake m'maso mwa munthu amene waima mamita awiri. Ngakhale njoka yophedwa, mutu wake umatha kuluma pakapita nthawi, choncho zoinyamula ndi manja kuti mujambulitse n'kuika pa TikTok zitheretu. Ndaonapo timakanema ta anyamata akuzunguza njoka atagwira kumchira, anzawo akuseka. Chimenecho ndi chibwana cha mchombo lende. Komanso si njoka iliyonse yofunika chibonga. Zambiri zilibe ululu wopha munthu, ndipo ndi zomwe zimatichepetsera mbewa m'minda ya chimanga ndi kachewere.

Tsopano nkhani yaikulu. Munthu walumidwa, mudzi wonse wasonkhana, aliyense wasanduka dokotala. Woyamba amathamangira legeni kapena luzi n'kumanga mwendo zolimba kuti ululu usakwere. Lekani zimenezo! Ululu wa mphiri ndi wa mamba yolavula umawononga mnofu pamalo pomwe yaluma. Mukamanga, magazi amasiya kuyenda, mwendo umatupa, umada, umawola, ndipo mapeto ake ndi kuudula. Pali anthu amene akuyendera ndodo lero chifukwa cha chingwe cha achibale awo. Wachiwiri amabwera ndi lezala kudzatema mphini. Ululu sutuluka ndi mphini. Mukungotsegula zilonda zolowera matenda, ndipo ngati njokayo ili ya mtundu woletsa magazi kuundana, munthu adzakha magazi osaleka. Wina akuti ayamwe ndi pakamwa, wina wabweretsa mwala wakuda, wina petulo, wina akuti amwe kachasu kuti alimbe mtima. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimachotsa ululu m'thupi. Zimangodya nthawi.

Ndikudziwa chimene munene: "Koma agogo, uje analumidwa, anamutema mphini, anachira." Anachira chifukwa njoka zambiri zilibe ululu woopsa, ndipo ngakhale yaululu nthawi zina imaluma osathira kanthu. Munthu wotero akanachira ngakhale popanda mphini. Tsiku limene idzathire ululu wonse, mphini sizidzamuthandiza. Enanso mumati njokayi ndi yotumidwa, ndiye kuchipatala sangaithe. Usiku wonse mumathera kwa sing'anga ndi kulozana zala, wodwala akutupa. Sindikulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Zokambirana zanuzo mudzakambe wodwala ali kale m'manja mwa madokotala.

Zoyenera kuchita n'zochepa ndipo sizilira ndalama. Muchotseni pamene pali njokayo. Mukhazikeni mtima pansi, asathamange, ndipo ngati n'kotheka asayende n'komwe, chifukwa kuyenda kumafulumizitsa ululu m'thupi. Muvuleni mphete, zibangili, wotchi, nsapato ndi chilichonse chothina, kutupa kusanayambe. Mwendo kapena mkono wolumidwawo uikeni pa kathabwa kapena ndodo n'kukulunga mosathina kuti usamagwedezeke. Kenako munyamuleni, kaya pa njinga yamoto wina atamugwirira kumbuyo, kaya pangolo, kaya pa machira, kupita kuchipatala chimene chili pafupi. Akayamba kusanza kapena kufooka, mugonekeni chammbali kuti asatsamwe. Kumbukirani nthawi imene walumidwa. Musataye nthawi kusaka njoka kuti mupite nayo. Kufotokoza maonekedwe ake n'kokwanira, ndipo ngati simunaione, madokotala amaona zizindikiro. Aspirin ndi Brufen musamupatse, zimawonjezera kukha magazi.

Zikope zikayamba kulemera, malovu kuchucha, mawu kusamveka bwino, kupuma kuvuta, dziwani kuti ndi ululu wogwira mitsempha ngati wa songo, ndipo mphindi iliyonse ndi yamtengo wapatali. Koma musadikire zizindikiro kuti munyamuke. Nalikukuti, kanjoka kowonda kooneka ngati kamtengo kouma, kakaluma munthu amatha kukhala bwinobwino maola ambiri, kenako magazi n'kuyamba kutuluka m'nkhama ndi m'mphuno. Amene wanena kuti "sizikupweteka, ndipita mawa" akusewera ndi moyo wake.

Amene walavuliridwa m'maso, mutsukeni ndi madzi oyera ambiri, kuthira mosalekeza kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, zikope zili zotsegula. Asatikite. Musathiremo madzi a masamba, fodya kapena mkodzo. Akatero apite kuchipatala akamuone, chifukwa diso likhoza kuchita chilonda mpaka kufa. Galu wanu akalavuliridwa, mutsukeni chimodzimodzi, ndipo ng'ombe kapena mbuzi ikalumidwa itanani alangizi a ziweto.

Ena mumati kupita kuchipatala n'kutaya nthawi chifukwa mankhwala a njoka sapezeka. N'zoona kuti mankhwala othana ndi ululu wa njoka ndi odula ndipo sakhala m'chipatala chilichonse. Vutoli si lathu lokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa m'chaka cha 2017, ndipo limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse padziko lapansi, ambiri mwa iwo alimi ndi ana akumudzi ngati ife. Komabe kuchipatala kuli dilipi, kuli jakisoni wa kafumbata, kuli osamalira chilonda kuti chisawole, kuli othandiza munthu kupuma, ndipo chipatala chaching'ono chimatha kumutumiza ku chipatala chachikulu pa boma la Ntcheu, kapena ku Dedza kwa amene muli kufupi ndi malire a maboma awiriwa. Kunyumba kuli chiyani choposa pamenepo?

Mafumu ndi nduna zanu, nkhaniyi ikambidwe pabwalo sabata ino. Mudzi uliwonse udziwiretu wa kabaza amene angadzutsidwe pakati pa usiku, nambala yake ikhale m'mafoni a anthu. A banki m'khonde, patulani kangachepe koyendera pangozi, kuti munthu asagone pakhonde akutupa achibale akuzungulira kukongola ndalama ya mafuta. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, auzeni ana kuti akalumidwa anene msanga, chifukwa ena amabisa poopa kukwapulidwa kuti anapita kuchulu osatsanzika.