Agogo osayenda mukuwauza bwanji kuti abwere adzadye?

Abale anga, lero ndakwiya ndipo sindibisa. Ndachokera ku msonkhano wa m'mudzi kwathu kuno chakufupi ndi Bangula mtima ukuwira. Nkhani inali ya amayi athu a m'mipingo yosiyanasiyana amene anagwirizana kuti azisonkherana ufa, nyemba, mchere ndi nkhuni, n'kumaphika chakudya kukapereka kwa agogo amene sangathenso kutuluka m'nyumba. Anyamata ena a kabaza amawanyamulira mapoto osalipiritsa. Palibe amene amalandirapo kanthu. Ndiye bambo wina wa m'komiti, munthu wamkulu ndithu wa ulemu wake, anaimirira n'kunena kuti zoyenda khomo ndi khomo zithe chifukwa zikutaya nthawi. Akuti chakudya chiziphikidwa malo amodzi pansi pa mtengo, okalambawo azibwera okha kuti tiziwawerenga bwino ndi kulemba mayina. Mayi wina atafunsa za amene sayenda, bamboyo anayankha kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Ndipo ena anawomba m'manja. Anawomba m'manja, abale!

Bambo inu, dzina lanu sinditchula, koma ndikudziwa kuti muwerenga izi. Mwambi umenewo mwauponya pamalo polakwika. Wamva m'mimba amatsekula chitseko ngati miyendo ikumunyamula. Agogo amene tikunena pano chitsekocho akuchiona ali pamphasa, koma kuti akachifike ndi ulendo. Alipo amene anafa mbali imodzi ya thupi ndi sitiroko. Alipo amene maso anaphimbika ndi ng'ala, saona ngakhale khomo la nyumba yawo. Ena mawondo anatupa ndi nyamakazi moti kupita kuseri amachita kukwawa. Ena mutu unasokonekera ndi ukalamba, mukawauza kuti mubwere Lachitatu sadziwa kuti Lachitatulo ndi liti. Amenewa ndi amene amayi aja anayambira ntchitoyi. Ndiye mukuwauza kuti abwere? Abwere ndi chiyani?

Chakudya chipite kwa agogo. Mfundo yanga ndi yomweyi basi, ndipo ndiibwereza mpaka itakutopetsani. Chakudya chipite kwa agogo pakhomo pawo, pamphasa pawo, m'manja mwawo.

Mukaphika pansi pa mtengo anthu adzabwera ndithu, musakayike. Mapoto adzatha, kope lanu lidzadzaza mayina. Koma adzabwere ndi okalamba amene akadali ndi mphamvu, amene akupitabe kudimba, amene akutha kuyenda kukafika kutchalitchi. Nawonso ndi ovutika, sindikukana. Koma uja wovutikitsitsa, uja wagona m'nyumba osayatsa moto kuyambira dzulo, sadzaoneka. Ndipo poti sanaoneke, m'kope mwanu sadzalowamo. Mawa mudzaimirira n'kunena kuti okalamba onse a m'mudzi muno anadya. Limenelo lidzakhala bodza, ndipo bodza lotere limapha munthu.

Komanso kodi mwayiwala kuti tili kuti? Kuno ndi ku Chigwa cha Shire, si ku Dedza ayi. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nthawi ya nkhomaliro dothi limawotcha mapazi ngakhale a mnyamata, mbuzi zonse zili phee pamthunzi. Nthawi imeneyo ndi imene mukufuna gogo wa zaka 80 atenge ndodo ayambe ulendo wolondola mbale ya nsima? Akagwa panjira mudzamunyamula ndinu? Mvula ikayamba, amene anayendapo m'makande a ku Ngabu akudziwa mmene matope ake amagwirira, njinga imakana, nsapato imatsalira pansi. Ndiye mwendo wa nkhalamba udzachoka bwanji m'menemo? Amayi aja ndi anyamata a kabaza dzuwa limawawotcha, matope amawagwira, koma iwo ali ndi mphamvu yopirira ndipo anasankha okha kutero. Gogo sanasankhe kukalamba.

Ife a ku Nsanje ndi ku Chikwawa sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa zimenezi. Tinaona madzi osefukira a mu Januwale 2015. Tinaona anamondwe aja, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Madzi akamabwera, ndani amene ankatsalira m'mbuyo? Ndani amene tinkachita kubereka kumsana ngati khanda kuti akafike kumtunda? M'misasa muja, thandizo likafika anthu n'kuima pamzere, ndani amene ankakhala kutsogolo? Amphamvu. Gogo wopanda womuimirira ankakhala pakona akuyang'ana. Tonse tinaona ndi maso athuwa. Kenako mu 2024 kunabwera ng'amba, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala, athu awiriwa ali momwemo. Anthu anabwerera kumadambo, kumene kuli ng'ona, kukazula nyika, mizu ya zomera za m'madzi imene imadyedwa pa njala. Wamphamvu akalowa m'dambo amabwerako ndi kanthu. Nanga nkhalamba yosayenda ikazule nyika kuti? Zonsezi tadutsamo, ndiye lero tikuwombera m'manja mfundo yoti wofooka azilondola chakudya yekha?

Wina pamsonkhanopo anati okalamba ambiri amalandira kale chimanga cha thandizo, ena ali pa Mtukula Pakhomo, ndiye kuwaphikiranso n'kuwalera. Tamverani. Thumba la makilogalamu 50 si nsima. Thumbalo likufunika wolinyamula kuchoka kumene lagawidwa. Likufunika wopita nalo kuchigayo ndi ndalama yogayitsira. Ufawo ukufunika madzi ochokera kumjigo, ndipo mjigo sapopa ndi manja onjenjemera. Pakufunika nkhuni, ndipo nkhuni masiku ano zili kutali. Pamapeto pakufunika mkono wovundula. Amene anaphikapo nsima akudziwa kuti mthiko umafuna mphamvu ya paphewa. Ndalama ya Mtukula Pakhomo ndi yabwino, yathandiza mabanja ambiri, koma ndalama siyenda yokha kupita kumsika kukagula nsomba n'kudziika pamoto. Gogo akhoza kugona ndi njala thumba lili pambali pake. Ndipo ena thumbalo silikhalitsa n'komwe, adzukulu ena osaopa Mulungu amalitapa n'kukagulitsa. N'chifukwa chake amayi aja amapita ndi chakudya chophika kale, chotentha, n'kukhala pansi mpaka gogo atadya.

Kukhala pansi kumeneko ndi kumene bambo uja akukutcha kutaya nthawi. Sanapitepo, n'chifukwa chake. Amayi aja amadziwa nyumba iliyonse ndi vuto lake. Amadziwa kuti uyu mano anatha, nsima ya mapira imuvuta, afunika phala lofewa lothira nsinjiro. Amadziwa kuti uyu saona, ndiye nsomba za makakana azichotse minga asanamupatse. Uyu akumwa mankhwala a BP, uyu a shuga, sayenera kudumphitsa chakudya. Uyu dzanja silifika kukamwa, afunika kumudyetsa. Akafika amaona ngati mumtsuko muli madzi akumwa, ngati mphasa yanyowa, ngati pathupi patuluka zilonda chifukwa chogonera mbali imodzi. Akapeza kuti thupi latentha amakauza mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Ndipo kwa agogo ena, mayi wobweretsa phalayo ndi munthu yekhayo amene angawapatse moni tsiku lonse. Pansi pa mtengo panu zimenezi zidzachitika bwanji? Mudzaona bwanji zilonda za munthu amene sanabwere?

Zoti ana awo anapita ku Joni, ena ku Blantyre, ena akudula nzimbe ku Nchalo, ena Edzi inawatenga kalekale, tikuzidziwa tonse ndipo si nkhani ya lero. Nkhani ya lero ndi yoti gogoyo ali yekha ndipo sayenda.

Ndipo nthawi imene ikutayikayo ndi ya ndani? Amayi aja sanadandaule. Anyamata a kabaza sanadandaule. Wodandaula ndi munthu amene sananyamulepo poto ngakhale tsiku limodzi. Ngati vuto ndi kulemba mayina, tengani kope lanu ndi cholembera, mutsate amayiwo kumbuyo, mulembe khomo ndi khomo. Kope silolemera ngati poto wa nyemba. Mukatero mayina amene mulembe adzakhala enieni, a anthu amene akufunikadi thandizo. Ine ndikuona ngati chimene ena akufuna ndi gulu la nkhalamba zitakhala pamzere mbale zili m'manja kuti pajambulidwe chithunzi chabwino choika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ngati ndi choncho, chitani manyazi. Agogo athu si zokongoletsa zithunzi. Munthu amene anabereka, analima thonje, analera mudzi uno, lero akhale padzuwa kudikira kuti mumujambule kaye asanadye?

Taonani phala la ana a sukulu. A Mary's Meals anayamba kudyetsa ana m'Malawi muno mu 2002, ndipo phalalo limaphikidwa kusukulu chifukwa ndi kumene kuli anawo. Chakudya chimapita kumene kuli wodya. Mwana ali kusukulu, phala kusukulu. Gogo ali m'nyumba, phala m'nyumba. Chovuta kumvetsa ndi chiyani pamenepa?

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, tinamva pa wailesi n'kusangalala. Koma lamulolo lili ku Lilongwe, silingabwere kudzagogoda pakhomo pa gogo wa kuno. Ogogoda ndi amayi amenewa. Ndiye m'malo mowawonjezera ufa, m'malo mowagulira makontena ovundikira bwino kuti phala lisazizire panjira, m'malo mokonzera anyamata aja matayala a njinga, ife tikukhala pansi kukambirana zowaletsa. Zandinyansa kwambiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bambo inu tsitsi layamba kale kuyera. Inu amene munawomba m'manja, mawondo anuwo si achitsulo.

Chimene chikundipweteka koposa ndi ichi. Gogo yemweyo akamwalira usiku uno, mawa m'mawa anyamata adzayenda khomo ndi khomo kutolera ufa wa pamaliro. Khomo ndi khomo! Palibe adzaimirire kunena kuti zikutaya nthawi. Nkhuni zidzapezeka, mapoto akuluakulu adzatuluka, mbuzi idzagwa. Abale adzachokera ku Marka, ena ku Makhanga kuwoloka pa bwato, ena adzatsika ku Thabwa pa minibasi atanyamula nkhata za maluwa. Ana aja amene foni yawo sinkapezeka adzatumiza ndalama ya bokosi lokongola tsiku lomwelo. Tidzadya tonse n'kukhuta pakhomo pa munthu amene ankagona ndi njala. Mpando wa kutsogolo mudzakhalapo ndinu a komiti, mudzalankhula mawu okoma kuti tataya mzati wa mudzi. Ufa wa pamalirowo bwanji osaupereka akadali moyo, akadatha kumeza? Miyendo yopita kumaliro tili nayo, yopititsa mbale imodzi kwa wamoyo ndiye ikutipweteka?

Ine ndikuti amayi inu musasiye. Msonkhano uja sunagwirizane chilichonse chomangirira, ndipo ufawo ndi wanu, nkhunizo ndi zanu, miyendoyo ndi yanu. Amene akufuna kuphika pansi pa mtengo asonkhe ufa wake aphike, okalamba oyenda akadye, palibe angakane. Koma poto wa agogo osayenda asamukhudze. Ndipo amfumu, ndi ulemu wonse, tikupempha kuti mulankhulepo. Munakhala chete pamsonkhano paja ndipo kukhala chete kwanu ena akutenga ngati mwavomereza.

Ndisanamalize, pali china chimene chinanong'onedwa kumbuyo kuja ndipo ndinachimva. Akuti amayiwa akudyetsa mfiti. Eya, zafika pamenepo. Ndipo ndikukhulupirira kuti ena amene anawomba m'manja chinawasangalatsa ndi chimenechi, kuti nyumba zina zisamafikidwenso. Munthu akakalamba, akakhala yekha, maso akafiira ndi utsi wa pamoto, akayamba kulankhula yekha chifukwa mutu watopa, basi ndi mfiti. Mwana akadwala malungo, m'malo mothamangira naye kuchipatala tikuloza chala nyumba ya gogo. Mvula ikakana, gogo wamanga mvula. M'dziko muno okalamba aphedwapo ndi magulu a anthu, nyumba zawo kutenthedwa, chifukwa cha mawu ngati amenewa, ndipo zimayamba chonchi, ndi kunong'ona kumbuyo kwa msonkhano. Mfiti yake iti imene ikulephera kudzuka pamphasa kukatunga madzi? Dziwani kuti lamulo la dziko lino, lomwe lilipo kuyambira 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mnyamata iwe amene unanena mawu aja ndinakuona, amayi ako ndimawadziwa, agogo ako omwe akulandira nawo phala lomweli. Ukadzabwerezanso ndikakunenera kupolisi ine ndemwe.