Pa tchuthi achinyamata asankhe okha buku lowerenga

Tchuthi chachitali chikayamba, makolo ambiri muno mu Lilongwe amada nkhawa kuti ana awo a ku sekondale aiwala za sukulu, motero amawalamula kuti abwereze mabuku a mayeso monga Nthondo, Macbeth ndi The Pearl, kapenanso kuwatumiza ku makalasi olipira. Ine ndikuona kuti tikulakwitsa, ngakhale kuti mabuku amenewa ndimawalemekeza. Nthondo, amene Samuel Ntara anamulemba ndipo anasindikizidwa mu 1933, akadali ndi Chichewa chokoma komanso chozama, ndipo mwana aliyense wa m'dziko muno ayenera kumuwerenga.

Vuto ndi mmene timawerengetsera mabuku otere. Ophunzira ambiri saliwerenga buku lenilenilo mpaka kumapeto. Amaloweza manotsi ndi mayankho a mafunso akale a MANEB, kotero kuti amatha kutchula ampangankhani onse ndi phunziro la nkhaniyo popanda kumvapo chisoni kapena chimwemwe chilichonse. Mwana wotere mukamupatsanso Macbeth pa tchuthi, Chingerezi chake chakale chija chimangomutsimikizira kuti kuwerenga ndi chilango. Buku lovuta limafuna mphunzitsi pafupi, ndiponso limafuna munthu amene anazolowera kale kukhala pansi ndi nkhani yaitali osatopa. Chizolowezi chimenechi chimabwera ndi mabuku amene mwana wasankha yekha, ngakhale akhale a chikondi, aupandu kapena a achinyamata anzake amene akulimbana ndi mavuto ofanana ndi ake.

Ena amati nkhani zoterezi n'zopepuka ndipo zina zimaononga khalidwe. Zoona, kholo liyenera kuona chimene mwana wanyamula, koma kuona sikutanthauza kuletsa chilichonse chimene sichili pa silabasi. William Kamkwamba atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, ankabwereka mabuku mu laibulale yaing'ono ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndipo palibe amene anamulembera mndandanda wa zoti awerenge asanapange makina ake amphepo opangira magetsi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mabuku a Chichewa olembedwera achinyamata a masiku ano ndi ochepa zedi. Ana athu amathera bandulo powerenga nkhani zopitirira pa Facebook ndi pa WhatsApp, zomwe zikusonyeza kuti njala ya nkhani ali nayo, koma alembi ndi osindikiza mabuku amathamangira mabuku a silabasi chifukwa ndiwo ali ndi msika wodalirika. Mtsikana wa ku Kawale kapena mnyamata wa ku Area 25 ayenera kupeza buku limene anthu ake amakwera minibasi ndi kuyankhula monga iye.

Pakadali pano, ndikupempha makolo anzanga kuti ndalama pang'ono za makalasi olipira zija muzipatule, mupite ndi mwana ku National Library ku City Centre kapena kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni, ndipo mumusiye asankhe yekha. Mabuku a mayeso akawapeza sukulu ikatsegulidwa, aphunzitsi ake ali pomwepo.