Ana anga a pa Katete, lekani kupereka reji kwa anthu a makope

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundilole ndikutsineni lero, inu a pa Katete Stores, a ku Boma ndi midzi yonse ya m'munsi mwa Mphangwe. Ine ndinaima pamzere mu 1991 ndili bambo wa ana atatu, ndipo kuchokera chaka chimenecho sindinaphonyepo chisankho. Zimene ndikuona masiku ano zikundigonetsa ndi mutu.

Mu 1991 dziko lonse la Zambia linathamangira kwa a Chiluba ndi MMD, koma ife a kum'mawa tinakakamira kwa a Kaunda. Pa mipando 25 ya aphungu imene chipani chawo cha UNIP chinapeza, 19 inali ya chigawo chathu chino, yonse osatsalako ndi umodzi. Anatiseka, anatitcha osamva za kunja. Kaya tinalakwa kaya tinakhoza, palibe amene anatigula. Tinavota chimene mtima unakhulupirira, ndipo tinasenza zotsatira zake mutu uli m'mwamba. Pambuyo pake tinatsata a Rupiah Banda mu 2008 ndi 2011, kenaka a Lungu mu 2015 ndi 2016, ndipo mawu akuti "wako ni wako" anamveka m'misika monse. Mu 2021 ambiri kuno anakhalabe ndi PF ya a Lungu, ngakhale ochuluka ndithu anatembenukira kwa a Hichilema. Mbiri imeneyi andale amaidziwa kuposa inu. Amadziwa kuti munthu wa kum'mawa akakonda amakonda ndi mtima wonse, ndipo ena aphunzira kulowera pa khomo lomwelo.

Nthawi ya kampeni yapitayi, mnyamata wina wovala bwino anafika pamudzi pathu ndi kope la sukulu ndi bolopeni. Akuti akulemba maina a anthu odzalandira fataleza. Mayi wina woyandikana nane, wamasiye wolera zidzukulu zinayi, analowa m'nyumba, namasula kapulasitiki kamene amabisa pansi pa mphasa, napereka reji yake, chitupa chija cha unzika, pamodzi ndi khadi lovotera. Mnyamatayo anati abweza mawa. Anamusiyira chitenje cha nkhope ya munthu ndi kapaketi ka mchere. Tsiku lovota linafika, mayiyo alibe khadi, anangokhala pakhonde n'kumasenda mtedza anzake akupita kusukulu kukaima pamzere. Fataleza sanamuone. Chitenjecho lero chikutchinga pakhomo la bafa.

Inu amayi, mumakana kubwereketsa mtondo kwa munthu wosamudziwa, nanga reji mumaipereka bwanji? Fataleza wa FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi, ali ndi njira yake, amadutsa ku kopaletivu ndi kwa alangizi a zaulimi, sadutsa m'kope la munthu wongobwera ndi galimoto ya zokuzira mawu. Pa tsiku lovota a Electoral Commission amafuna zinthu ziwiri m'manja mwanu, reji yobiriwira ija ndi khadi lovotera. Wakutengerani chimodzi wakutsekani pakamwa kwa zaka zisanu.

Ndipo inu anyamata, ndinu amene mukundiwawitsa mtima kwambiri. Mumasiya njinga zanu zonyamulira anthu, mumasiya dimba la tomato likuuma, n'kukwera pa lole mutapanikizana ngati matumba a thonje, chifukwa cha K20 ndi botolo la kachasu. Mwana wa mlongo wanga anagwa pa lole yotere pa msewu wa Great East, akuimba nyimbo yonyoza chipani china. Mwendo unathyoka pawiri. Amene anamukweza sanabwere ngakhale kudzamuona m'chipatala, amayi ake ndiwo anagulitsa mbuzi. Lero akuyenda chotsimphina, ndipo amene ankamugenda miyala tsiku lija ndi mnzake wa kusukulu ya pulaimale, amapemphera naye tchalitchi chimodzi. Mwezi wa Ogasiti timakumana tonse ku Mkaika pa Kulamba, kugwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi ngati ana a mimba imodzi. Ndiye mwezi womwewo, chikakhala chaka cha chisankho, mukaswane mitu chifukwa cha malaya a mitundu?

Palinso aulesi amene amati voti yanga imodzi ingasinthe chiyani. Pa 20 Januwale 2015 mvula inali mkati, ambiri anasankha kukapalira, ndipo m'dziko lonse anavota osafika ngakhale theka. A Lungu anaposa a Hichilema ndi mavoti osakwana 28,000, anthu amene sangadzaze ngakhale bwalo lalikulu la mpira ku Lusaka.

Sindikukuuzani chipani chovotera, chimenecho n'cha inu nokha m'kachipinda muja. Koma wofuna voti yanu mufunseni mafunso ali chilili pamaso panu. Mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Kansala wanu akuuzeni zagwira chiyani m'wadi mwanu, mjigo wakufa uja ukonzedwa liti, mlatho umene ana amalephera kuwoloka mu Febuluwale uli pati. Akayamba za "ndine mwana wanu", muyankheni kuti mwana weniweni amabwera kumudzi ngakhale kulibe chisankho.

Mafumu a midzi, aphunzitsi ndi akulu a mpingo, werengerani uthenga uwu amene alibe foni. Ndipo mnyamata wa kope uja akadzabweranso pamudzi pathu, musamumenye. Mukhazikeni pampando, munditume mwana, tipite naye limodzi kwa amfumu akafotokoze kumene anapititsa khadi la mayi uja.