Magalasi ali pamphumi, maso ali pamtunda

Kodi mawu akuti "thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi" avuta pati? Madzi akagwera mu asidi wamphamvu wotchedwa sulfuric acid amawira pomwepo, asidi n'kudumphira kumaso. Komabe m'labotale mwana wasukulu amathira ndithu, magalasi otetezera maso ali pamphumi, ngati mphumi ndiyo imaona!

Uyu akutenthetsa test tube (kabotolo kagalasi koyesera mankhwala) kukamwa kwake kutaloza mnzake. Uyo wayika ethanol (mtundu wa sipiriti) pafupi ndi lawi la Bunsen (chitofu cha gasi cha m'labotale), chikhalirecho amafunika kutenthetsedwa m'madzi otentha chifukwa sachedwa kuyaka. Winanso mphuno yalowa m'botolo la amoniya m'malo mokupizira fungo ndi dzanja. Nanga pipette (kapaipi kokokera mankhwala amadzi) kuyamwa ndi pakamwa, mwayesa ndi chakumwa?

Asidi akalowa m'diso, lamulo n'kutsuka ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. Iwowa pakangotha masekondi 10 apukuta kale, akufunsa ngati belu lalira.