Ana a Giredi 1 aloledwe kuphunzira ndi manja awo

Makolo anzanga a kuno ku Chipata ndi madera ozungulira, ndifuna kunenapo maganizo anga pa zimene ana athu amachita m'kalasi m'zaka zawo zoyamba za sukulu, makamaka m'masukulu a pulayimale a Katolika, amene ambirife timalimbirana malo chaka ndi chaka. Pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi pali dandaulo limodzi losatha: akuti ana a Giredi 1 ndi Giredi 2 akungoseweretsedwa, akubwera kunyumba ndi dongo m'zikhadabo ndi timitengo m'chikwama pamene mabuku awo olembamo ali ndi masamba owerengeka okha olembedwa, ndipo munthu akadutsa pawindo amamva phokoso ngati m'kalasimo mulibe mphunzitsi. Dandaulo limeneli limachokera m'chikondi, sindikukana, koma likukakamiza aphunzitsi kutsata kaphunzitsidwe kosathandiza mwana, ndipo sukulu ya Katolika ndiyo iyenera kukhala yoyamba kulimba mtima ndi kufotokozera makolo chifukwa chake sidzagonja.

Tiyambe ndi masamu, popeza ndi pamene nkhaniyi imaonekera poyera. Mwana wa zaka 7 angathe kulemba manambala kuyambira 1 mpaka 100 mwaukhondo ndithu, aphunzitsi n'kumuchongera ndi cholembera chofiira, koma iye osadziwa chimene 3 wa mu 32 akuimira. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amatuma ana kuti abwere ndi timitengo touma, n'kuwauza kuti amange timitolo ta timitengo khumikhumi ndi luzi kapena mphira. Pamenepo 32 amasanduka chinthu chogwirika: timitolo titatu ndi timitengo tiwiri tapambali. Akauzidwa kuti achotsepo 7, mwana amayang'ana timitengo tiwiri tija, amaona yekha kuti ndi tochepa, amayamba wazengereza, amayang'ana mnzake wapafupi, kenako amamasula kamtolo kamodzi. Tsopano ali ndi timitolo tiwiri ndi timitengo 12, amachotsapo 7, amawerenga zotsala, napeza 25. Kumasula kamtolo kuja ndiko kubwereka kumene ana ambiri amangoloweza pabolodi osadziwa chimene akubwereka ndi kumene akuchitenga. Tsiku limenelo m'buku mwa mwanayo mungalowe masamu awiri okha, ndipo kholo lingadandaule kuti aphunzitsi ndi aulesi, pamene mwanayo wagwira chinthu chimene chidzam'thandiza mpaka ku sekondale.

Unduna wa Zamaphunziro umaidziwa bwino njira imeneyi. Pulogalamu ya Catch Up, imene inayambira m'masukulu a kuno Kum'mawa ndi a Chigawo cha Kum'mwera, imatenga ana a Giredi 3 mpaka Giredi 5 amene atsalira pa kuwerenga ndi masamu, kuwaika m'magulu molingana ndi pamene aliyense wafika, n'kuwabwezera ku timitolo ta timitengo tomweto, ku makadi a zilembo ndi ku kulemba pansi ndi choko. Ngati zimenezi ndizo zimapulumutsa mwana wa Giredi 4 amene watsalira, palibe nzeru yowamana ana a Giredi 1 zinthu zomwezo chifukwa chofuna kuti buku lidzaze msanga.

Pa kuwerenga ndi chimodzimodzi. Chinyanja chimalembedwa monga mmene chimamvekera, kotero mwana akagwira maliwu a zilembo zisanu zija, a, e, i, o, u, n'kuyamba kuwalumikiza ndi zilembo zina kuti apange maphatikizo, sachedwa kuwerenga. Koma maphatikizo omwewo amaphunzitsidwa m'njira ziwiri zosiyana kwambiri. Ina ndi ija ya mphunzitsi kuloza pabolodi ndi kamtengo, kalasi yonse n'kufuula pamodzi kuti ma, me, mi, mo, mu. Imamveka bwino mpaka ku ofesi ya ahedi, ndipo mlendo wodutsa amakhutira kuti ana akuphunzira, koma mwana wokhala kumbuyo amangotsatira milomo ya anzake, ndipo angathe kumaliza chaka chonse akufuula nawo popanda kuzindikira chilembo ndi chimodzi chomwe. Njira ina ndi ya kudula makatoni a sopo kukhala timakadi, kulembapo maphatikizo, ndi kupatsa kagulu ka ana asanu kokhala pamphasa timakadi ta mu, tu, ma, la, ya, ka, lu, kuti apange mawu okha. Wina amaika mu ndi tu, nawerenga kuti mutu, n'kudzigwira pamutu uku akuseka. Wina amasanja ma, la, ya. Wina amapanga mawu amene kulibe, anzake n'kumutsutsa, iye n'kuumirira, mpaka aitane aphunzitsi kuti adzaweruze. Phokoso limene makolo timalimva pawindo nthawi zambiri ndi limeneli, ndipo m'kagulu kotero mwana sangabisale, chifukwa kakhadi kali m'manja mwake ndipo anzake akumudikira. Akadzafika pa maphatikizo ovutirapo monga nkha, mpha, ntcha, kapena kusiyanitsa nga ndi ng'a, mwana amene anazolowera kusanja yekha amalimbana nawo molimba mtima, pamene woloweza uja amaima n'kudikira kuti wina ayambitse.

Dongo nalonso lili ndi ntchito yake. Zala za mwana woyamba sukulu sizinakhwime kugwira pensulo kwa nthawi yaitali, ndipo kuumba zilembo ndi dongo kapena kuzilemba pamchenga ndi chala kumam'thandiza kuona kusiyana kwa b ndi d popanda mantha oti awononga tsamba.

Nkhani ya chilankhulo ndi imene imatitenthetsa mitu kwambiri. Kuyambira 2014 ana a Giredi 1 mpaka Giredi 4 ankaphunzitsidwa m'chilankhulo cha dera lawo, chimene kuno ndi Chinyanja, ndipo ndondomeko yatsopano ya maphunziro, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, yapereka malo aakulu ku Chingerezi kuyambira m'makalasi oyambirira. Makolo ambiri akondwera, pakuti aliyense amafuna kumva mwana wake akulankhula Chizungu. Inenso ndimafuna. Koma tikumbukire kuti mwana wochokera m'banja lolankhula Chinsenga ku Petauke, Chitumbuka ku Lundazi kapena Chikunda ku Mambwe amavutika kale ndi Chinyanja cha m'buku, ndiye akapatsidwanso Chingerezi ndi pakamwa pokha, popanda choona kapena chogwira, amangokhala chete. Pamene chilankhulo cha m'kalasi chili chachilendo kwa mwana, zochita ndi manja zimafunika kuposa kale. Kasitolo koseweretsa pakona ya kalasi, kokhala ndi mapaketi opanda kanthu a shuga, mchere ndi machesi, ndi ndalama za mapepala zolembedwa K1, K2 ndi K5, kamaphunzitsa mwana kufunsa mtengo, kuwerengera chenji ndi kutchula mayina a zinthu m'zilankhulo zonse ziwiri pa nthawi imodzi. Ndondomeko yatsopanoyo imatsindika zimene mwana angathe kuchita, ndipo kuchita sikuphunziridwa pokopera za pabolodi. Ndiponso nthano zisachotsedwe m'kalasi. Mphunzitsi akati "Padangokhala," ana n'kuyankha kuti "Tili tonse," ngakhale mwana wamanyazi amatsegula pakamwa, ndipo akafunsidwa kuti afotokoze chimene chinayamba, chotsatira ndi chomalizira, akuphunzira kale luso limene adzalembere nalo nkhani m'makalasi apamwamba.

Tsopano ndifike pa chifukwa chimene ndikunenera za masukulu a Katolika makamaka. Timawakonda chifukwa cha mwambo: ana amafika pa nthawi yake, aphunzitsi sajomba wamba, masisiteri ndi ansembe amayang'anira, ndipo tsiku limayamba ndi pemphero. Mbiri imeneyi ndi yakale. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, pafupi ndi malire athu ndi Malawi, ndi ya Minga mu 1923, ndipo anthu ambiri a m'midzi anadziwa kuwerenga koyamba m'timasukulu ta akatekisiti. Koma mwambo tausokoneza ndi kukhala chete. Mwana wa zaka 6 amene wakhala phee kwa maola atatu, manja atapinda, nthawi zambiri amakhala akuopa, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kumenya ana kusukulu, kotero bata lopezedwa ndi ndodo silingakhalenso chonyadira cha sukulu iliyonse. Mwambo umene ndimaufuna kwa mwana wanga ndi woti adikire nthawi yake pamene makadi akuzungulira, agawane zitsekerero za mabotolo ndi mnzake amene sanabwere nazo, abweze zipangizo m'katoni mwake belu lisanalire, ndiponso asiye kulankhula pamene aphunzitsi aomba m'manja katatu. Zonsezi zimaphunziridwa pamene ana akuchita zinthu pamodzi.

Chimodzimodzinso za chikhulupiriro. Kuloweza mapemphero n'kofunika, ndipo palibe Mkatolika angatsutse kuti mwana aphunzire kuchita chizindikiro cha mtanda moyenera. Komabe ana akachita sewero la Msamariya wachifundo, wina atagona pansi ngati wovulala, wina n'kumulambalala, wina n'kugwada kumumanga bala ndi kansalu, funso loti mnansi wako ndani limawafika pamtima kuposa akalilemba kasanu m'buku. Tisaiwalenso kuti m'makalasi amenewa muli ana a Reformed Church, a Anglican, a Adventist ndi a Chisilamu, ndipo sewero lotere limawaphatikiza onse popanda kukakamiza wina kusiya za kwawo. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro cha 1965, unaphunzitsa kuti maphunziro enieni amaumba munthu yense ndi kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo. Sukulu yokhulupirira kuti mwana aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu singakhutire ndi kaphunzitsidwe kamene kamayenda ndi ana khumi akutsogolo, ena onse n'kumangovomereza ndi mitu. Mwana wochedwa kugwira, mwana wosamva bwino, mwana wamasiye amene alibe womuthandiza kunyumba, onsewa amaonekera msanga m'timagulu, ndipo mphunzitsi amadziwa woti akhale naye pansi mawa lake.

Sindikunena kuti phokoso lililonse ndi maphunziro. Kupatsa ana mapepala kuti apake mitundu m'mawa wonse, kapena kuwaimbitsa nyimbo imodzimodzi mpaka nthawi yopuma ikwane, ndi njira yongowatayitsira nthawi, ndipo makolo akadandaula za zotere akunena zoona. Chochita chilichonse chiyenera kukhala ndi cholinga chimene mphunzitsi angathe kuchitchula m'mawu ochepa, ndipo chizitha ndi kalembedwe pang'ono kosonyeza kuti mwana wamvetsa. Ndikudziwanso kulemera kwa ntchito ya aphunzitsi. Kuchokera pamene boma linakhazikitsa maphunziro aulere mu 2022, ana achuluka kwambiri m'makalasi, ndipo ngakhale chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000 ndipo madesiki ambiri agulidwa ndi ndalama za boma zachitukuko cha madera a aphungu (CDF), m'masukulu ambiri chipinda chimodzi chikugwiritsidwabe ntchito ndi gulu la m'mawa ndi la masana. Mphunzitsi wotere akakonza makadi ake usiku n'kuwasiya m'kalasi yopanda kabati, mawa amapeza atabalalika kapena atanyowa ndi mvula yolowera pawindo losweka, ndipo akatopa amabwerera ku kamtengo kolozera pabolodi. Ameneyu sitingamuimbe mlandu tisanamuthandize.

Thandizolo silifuna ndalama zambiri. Miphakati yathu imadziwa kusonkha chimanga ndi nshawa pa nthawi ya zopereka za zokolola, kotero singalephere kusonkhanitsa makatoni, zitsekerero za mabotolo, zitsononkho, makalendala akale ndi mphasa ziwiri kapena zitatu za kalasi iliyonse. Azimayi a m'mabungwe a mpingo angathe kusoka timatumba tosungiramo makadi, ndipo m'parishi iliyonse simulephera kupezeka mmisiri wa matabwa. Agogo odziwa nthano ndi zilapi aitanidwe kamodzi pa mwezi kuti adzakhale ndi ana a Giredi 2, ahedi atavomereza. Ndipo kunyumba, m'malo mowerenga masamba olembedwa, tengani paketi ya ufa kapena kapepala ka nyimbo za pa Misa, mulozereni mwana mawu amene sanawaonepo, ndipo muone ngati akuyesa kuwadula m'maphatikizo kapena akungoyang'ana kumaso kwanu. Mupatseni nyemba 14 kuti agawire anthu awiri mofanana, ndipo mumufunse kuti wachita bwanji. Mayankho ake ndiwo muyenera kupita nawo kwa aphunzitsi.

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa teremu ikubwerayi ndikupempha kuti tiike pa ndandanda nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya kabati yokhoma m'kalasi iliyonse ya Giredi 1 ndi Giredi 2, ndipo tidzagwirizane tsiku limenelo kuti matabwa, misomali ndi loko zichokera kuti. Yachiwiri ndi yopempha ahedi kuti, kuwonjezera pa malikisi a mayeso, azitiuza kumapeto kwa teremu iliyonse chiwerengero cha ana a m'makalasi amenewa amene angathe kuwerenga okha chiganizo chachifupi, amene akali pa maphatikizo ndi amene sanagwirebe maliwu a zilembo, ndiponso chimene sukulu yakonza kuchitira gulu lomalizali teremu yotsatira.